Sensa ya alamu ikutidzutsa usiku, ndidule mawaya?

Wa_ku_Chitete
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Nyumba yathu kuno ku Chitete ili ndi alamu yomwe tinaikitsa titangomaliza kumanga. Anatiikira ndi munthu wa ku Lilongwe koma nambala yake masiku ano siikupezeka. Chiyambire mvula, sensa ya mu kolido, yoyang'ana ku chitseko cha kukhitchini, ikungoliza sayirini pakati pa usiku popanda munthu. Tikadzuka timapeza pa kiipadi pakuwala zoni 4. Vuto lachiwiri ndi kiipadi ya pakhomo la kukhitchini: mabatani 2 ndi 5 anafa, komanso imangoti tii tii osaleka. Ina ya kuchipinda kwathu ili bwinobwino. Ndikufuna ndichotse ziwiri zonsezi, sensayo ndi kiipadi yowonongekayo. Ndingodula mawaya ndi pulayazi n'kukulunga tepi, kapena pali zina zoti ndidziwe? Aneba poyamba ankatuluka ndi matochi, pano asiya. Mayi akunyumba akuti ndikapanda kukonza sabata ino azimitsa zonse okha.

Kabaza_Belele
Dulani bwana tigone. Ifenso ku Belele kuno ikumatipeza kkkk

NaPhiri_wa_ku_Juma
Pepani abambo a ku Chitete, sindikukunenani, koma tidziwa bwanji kuti nyumbayo ndi yanu? Pagulu pano pali anthu ambirimbiri osadziwana. Lero tiphunzitsana kuchotsa sensa, mawa wina akagwiritsa ntchito nzeru yomweyo pa nyumba ya mnzake.

Wa_ku_Chitete
Mayi Phiri, nkhawa yanu ndaimva. Koma wakuba angabwere pagulu kudzadandaula kuti akusowa tulo?

Wamawaya_KU
Mayi Phiri mtima m'malo. Zomwe tikambirane apa zimafuna munthu yemwe ali kale m'nyumba, ali ndi khodi, ndipo ali ndi nthawi yokwera pa mpando masana. Wakuba akangokhudza chivundikiro cha sensa alamu ili yotchera, yalira kale.

Achimwene a ku Chitete, pulayaziyo ibwezereni m'bokosi kaye. Mukadula mawaya simuthetsa vuto, mulikulitsa. Sensa ya mawaya imakhala ndi mawaya awiri obweretsa moto wa mavolti 12, ndi ena awiri opita ku zoni, kutanthauza gawo la nyumba lomwe sensayo ikulondera. Awiri a zoniwa nthawi zonse amakhala olumikizana kudzera m'kati mwa sensa. Munthu akadutsa, sensa imawalekanitsa, panelo, lomwe ndi bokosi loyendetsa alamu yonse, n'kudziwa kuti kwalowa munthu. Ndiye inu mukadula waya, kwa panelo zili chimodzimodzi ndi munthu yemwe waima mu kolidomo osachoka. Zoni 4 idzakhala yotseguka mpaka kalekale ndipo alamu idzakana kutchera.

Mwina mukuganiza kuti mungopota mawaya awiriwo pamodzi. Pa makina ambiri izinso sizigwira, chifukwa woika amabisa karezisita, kachipangizo kakang'ono kochepetsa mphamvu ya moto, kumapeto kwa waya, m'kati mwa sensamo. Panelo imayeza karezisita kameneka nthawi zonse. Ikakapeza, zonse zili bwino. Ikapeza waya woduka kapena mawaya ogundana popanda iko, imaona ngati wina akuseweretsa. Anachita dala kuti wakuba asamangolumikiza mawaya padenga.

Za usiku uno, chitani baipasi zoni 4 pa kiipadi ya kuchipinda musanatchere. Zoni zina zonse zigwira ntchito, imeneyo yokha ipuma.

Wa_ku_Chitete
Baipasiyo imachitika bwanji? Kabuku kake sindikudziwa komwe kanalowera.

Wamawaya_KU
Zimatengera mtundu wa makina. Pa DSC mumadina nyenyezi ndi 1, kenako nambala ya zoni, n'kutuluka ndi #. Pa Paradox pali batani lolembedwa BYP. Onani dzina pa kiipadi yanu kapena pa bolodi m'kati mwa bokosi la panelo, mulembe pa Google pamodzi ndi nambala yake, kabuku kamapezeka kaulere. Chimodzi choti mudziwe: pa makina ambiri baipasi imatha mukangozimitsa alamu m'mawa. Usiku wotsatira muyenera kuchitanso. Ndi yongopumirapo, si mankhwala.

Mphunzitsi_Wopuma
Musanaimbe mlandu sensa, yang'anani kaye zomwe zikuyenda pakhoma. Kwathu ku Mtunthama zinatichitikira nyengo ngati ino. Tinkasiya getsi la mu kolido loyaka chifukwa cha adzukulu. Mvula ikagwa madzulo ngumbi zimalowera pansi pa chitseko kutsata getsilo, ndipo anali nalimata amene ankabwera kudzadya ngumbizo, n'kumayenda pamwamba penipeni pa sensa. Titayamba kuzimitsa getsi ndi kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli, phokoso linatha. Sitinagule kalikonse.

Dokotala_wa_Mafoni
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, apa ndikukana. Sensa zimenezi zimaona kutentha kwa thupi. Nalimata thupi lake ndi lozizira ngati khoma lomwe akuyendapo. Angalize bwanji alamu? Mwina zinangokumanizana.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga, sayansiyo ndinaiphunzitsa zaka zambiri, koma nalimatayo ndinamuona ndi maso anga, kagetsi kofiira ka pa sensa kakuyaka iye akudutsa.

Wamawaya_KU
Nonse muli ndi mbali. Adokotala mwanena zoona kuti sensa imamva kutentha, koma siyeza kuti chinthu chatentha bwanji. Imamva kusintha. Kapulasitiki koyera ka kutsogolo kaja kali ndi timagawo tambirimbiri, kamagawa chipinda m'timizere. Chinthu chofunda chikachoka pa mzere wina kupita pa wina, sensa imadzuka. Nalimata akakhala kutali pakhoma la uko, palibe chomwe chimachitika. Koma akadutsa pa kapulasitiki penipenipo amatchinga timizere tambiri nthawi imodzi, ndipo kwa sensa kumeneko ndi kusintha kwakukulu. Kangaude ndi mphemvu n'chimodzimodzi. Zikalowa m'kati ndiye zimanyanya. Zinanso zomwe ndimakumana nazo kuno ndi katani yogwedezeka pa windo losatseka bwino, mpweya wotentha wotsika kuchokera ku malata kudzera pa siling'i yoboola, ndi sensa yoyang'anizana ndi mbaula yomwe yasiyidwa ndi makala.

Mlimi_wa_Chinkhoma
Ine zonsezi ndimangozimvera kwa inu a m'tauni. Kwanga kuli agalu atatu ndi mlonda. Nyengo ya msika wa fodya, mabelo ali m'shedi kudikira kupita ku okushoni, sindinaonepo chosowa. Galu safuna batire, safuna khodi, magetsi akathima iye ndiye amachangamuka. Ndalama mukuthira pa mawayazo gulani gaga.

Mayi_a_Mapasa
Agalu amaponyeredwa nyama yothira mankhwala bambo. Mlamu wanga ku Santhe anadzuka m'mawa agalu onse ali gone, njinga yamoto kulibe. Ndipo mlondayo anali mtulo m'khitchini ya panja.

Mlonda_Wausiku
Mayi, nkhani ya alonda muziyamba ndi malipiro. Munthu mumamupatsa mpando wothyoka, opanda tochi, opanda jekete mwezi wa Juni, masana akagwirenso ganyu kuti ana adye, ndiye mukudabwa akasinza? Ine pomwe ndimalondera pali alamu ndipo timathandizana bwino. Koma ndikuuzeni chimodzi abambo a ku Chitete: alamu yolira usiku uliwonse ndi yoopsa kuposa nyumba yopanda alamu. Ifenso alonda a nyumba zoyandikana timazolowera. Tsiku lomwe idzalire zenizeni tidzati ndi ija ija.

Mayi_a_Mapasa
Apo pokha mwalasa. Za malipirozo tidzakambirana tsiku lina, ndili nazo zonena.

Woyang'anira_Gulu
Za agalu ndi alonda tsegulani nkhani yakeyake. Tibwerere ku zoni 4.

Sola_Mchinji
Funso limodzi kwa eni nkhani. Ikamalira, magetsi amakhala alipo kapena athima? Ndipo batire la mu panelo munasinthapo chiikireni?

Wa_ku_Chitete
Mwandikumbutsa. Nthawi zambiri ndi masiku omwe magetsi athima kuyambira madzulo. Koma yaliraponso magetsi alipo. Batire sindinasinthepo, bokosilo sindinalitsegulepo n'komwe.

Sola_Mchinji
Ndiye yambirani pamenepo. M'bokosimo muli batire lotseka la mavolti 12, kawirikawiri la 7Ah, ngati lija la mu UPS ya kompyuta. Kumene magetsi savuta limakhala zaka 3 mpaka 5. Kwathu kuno komwe limatsitsidwa pafupipafupi silifika pamenepo, chifukwa batire la mtundu umenewu likamatsika mpaka pansi mobwerezabwereza limafooka msanga. Likafooka, magetsi akathima mphamvu imayamba kugwa pang'onopang'ono, ndipo sensa zikalandira moto wochepa zimayamba misala. Kulira kwa kiipadi kuja mwina si kuwonongeka ayi, ikukuuzani kuti batire latha.

Bwerekani mita kwa aliyense wokonza mawailesi kumsika. Magetsi alipo, pa batire muyenera kupeza mavolti pakati pa 13.6 ndi 13.8, kusonyeza kuti panelo ikutchaja. Kenako zulani thiransifoma pa soketi, mudikire kanthawi, muyezenso. Likatsika msanga pansi pa 12, latha ntchito. Lionetsetseninso m'mbali, lotupa musayeze n'komwe.

Wamawaya_KU
A Sola, za batire sindikutsutsa, asinthe ndithu. Koma batire likanakhala lokha lolakwa tikanaona zoni zosiyanasiyana zikulira, lero 2, mawa 6. Apa ndi 4 yokhayokha, ndipo akuti imalira ngakhale magetsi alipo.

Sola_Mchinji
Ikhoza kukhala kuti zoni 4 ndiyo ili kutali kwambiri ndi panelo. Waya wautali komanso wowonda amadya mphamvu, ndiye imeneyo imayamba kugwa anzake asanagwe.

Wamawaya_KU
Zotheka. Njira yothetsera mkangano wathu ndi yosavuta: asinthanitse sensa. Ya mu kolido ipite pabalaza, ya pabalaza ibwere mu kolido, ngati zili za mtundu umodzi. Karezisita kalikonse katsale pa waya wake. Vuto likasamukira pabalaza, yafa ndi sensa. Likatsala pa zoni 4, ndi waya kapena malowo. Ndipo waya musamuchotse pa mndandanda wa oganiziridwa, makoswe a m'siling'i amakonda kutafuna timawaya ta alamu. Waya wotafunidwa theka amagwira masana, usiku kukazizira n'kulekana.

Kabaza_Belele
Batire ndili nalo la njinga yamoto, 12 yomweyo. Mtengo wachibale.

Sola_Mchinji
Ayi amwene. La njinga analipangira kulizira injini kamodzi n'kutchajidwa pomwepo, osati kunyamula katundu maola ambiri. Ndipo ngati ndi lija lothira asidi, m'kabokosi kotseka ka panelo lidzadyetsa bolodi dzimbiri. Agule lotseka la 7Ah.

Mayi_a_Mapasa
Mitengo yake masiku ano ndi yolira nayo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja ndi moto. Inu a ku Mchinji mumagula kuti?

Sola_Mchinji
Ife Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, ndiye ambiri amangodumpha pa Mwami. Koma poti kwacha ya ku Zambia nayo sitikuipeza motchipa, phindu lake ndi la mayendedwe chabe. A ku Kasungu funsani m'mashopu ogulitsa zida za sola pa boma pomwepo, mabatire a 7Ah sasowa kwenikweni. Chomwe chimasowa ndi sensa ndi kiipadi, zimenezo ndi za ku Lilongwe. Pogula batire muyezetse pomwepo, lina limakhala litagona pa shelefu nthawi yaitali.

Wa_ku_Chitete
Ndabwera ndi lipoti. Ndinatsegula bokosi la panelo, lili pamwamba mu wadiropu. Batire latupa mbali zonse, pa timitu pake pali zoyera ngati ufa. Ndagula lina ndaika. Kenako ndinakwera pa mpando kutsegula sensa ya mu kolido. Nditangochotsa chivundikiro sayirini inalira, alamu ili yozimitsa, masana dzuwa likuswa mtengo. Mwana anathawira panja. Ndinathamanga kukaika khodi kuchipinda. M'kati mwa sensamo ndapezamo nyerere zodzaza, ndi mazira awo oyera ataunjikana pansi pa kabolodi kobiriwira. Zikulowera pa bowo lomwe waya amatulukira kukhoma. Kabolodiko mbali ina kachita dzimbiri lobiriwira.

Kabaza_Belele
Ndiye munali ndi alendi osalipira kkkk

Mphunzitsi_Wopuma
Adokotala a mafoni, nyerere thupi lake ndi lofunda kapena lozizira?

Dokotala_wa_Mafoni
Aphunzitsi mwapambana, ndakhala pansi.

Mayi_a_Mapasa
Poperanimo mankhwala a udzudzu aja, zifa zonse nthawi imodzi.

Wamawaya_KU
Mayi, m'kati mwa sensa musapoperemo. Mankhwala aja ali ndi mafuta, amamata pa bolodi ndi pa kapulasitiki ka kutsogolo, fumbi n'kumakakamira. Poperani pakhoma ndi pa bowolo sensa mutaichotsa. M'katimo gwiritsani kaburashi kofewa kouma. Pakati pa bolodi pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi kawindo kakang'ono, ndilo diso lake, musaligwire ndi chala. Mukamaliza tsekani bowo la waya ndi silikoni.

Kulira kuja mutatsegula ndi tampa, kaswitchi kokhala ndi sipuling'i komwe chivundikiro chimakanikiza. Imagwira usana ndi usiku, alamu ikhale yotchera kapena ayi. Ndikanakuchenjezani. Koma dzimbiri mwanenalo silikundisangalatsa. Chinyezi cha nyerere chikadya timizere ta pa bolodi, sensa sibwereranso. Yesani kusinthanitsa kuja tione.

Wa_ku_Chitete
Ndapukuta, ndasinthanitsa. Usiku wapitawu yalira zoni 2, pabalaza, komwe ndinapititsa ya nyerere ija. Magetsi analipo, batire latsopano. Mu kolido zii. Ndiye yafa ndi sensa. Ndabwezera yabwino ija pabalaza chifukwa ndi komwe kuli TV. Yatsopano ndigula mwezi ukatha ndikapita ku Lilongwe. Pakadali pano ndichotse bwanji yakufayi kuti ndisamachite baipasi usiku uliwonse?

Wamawaya_KU
Chabwino, tsopano tikuchotsa chinthu chomwe tikudziwa kuti chafa. Ngati alamu yanu inalumikizidwa ku kampani ya chitetezo kapena imatumiza uthenga ku mafoni, adziwitseni kaye kuti mukukonza, angabwere ndi galimoto pachabe. Zimitsani alamu ndi khodi. Zulani thiransifoma pa soketi, kenako muvule waya mmodzi pa batire. Kiipadi ikathima ndiye kuti moto wonse wachoka. Sayirini zina za panja zili ndi kabatire kawokawo ndipo zimalira zikaona kuti panelo yafa, ndiye uzani aneba asadabwe.

Musanamasule kasikulu kalikonse jambulani ndi foni momwe mawaya alowera. Osadalira mitundu yokha, oika ena amagwiritsa waya aliyense yemwe watsala. Werengani zolembedwa pa bolodi la sensa. Pomwe alemba 12V ndi GND, kapena + ndi -, ndi moto. Pomwe alemba NC ndi C, kapena ALARM, ndi zoni. Pomwe alemba TAMPER kapena T ndi tampa ija.

Mawaya awiri a moto ndiwo ofuna kusamala. Aliyense mumukulunge tepi payekha, asakhudzane. Akagundana mukabwezera magetsi, fyuzi yodyetsa sensa zonse imapsa kapena panelo imadula moto, nyumba yonse n'kukhala yopanda maso. Mawaya awiri a zoni muwalumikize kudzera pa karezisita komwe mukapeze m'sensamo, mwendo umodzi ku waya uyu, wina ku waya uyo, pogwiritsa kakonekita ka masikulu. Ngati tampa ili ndi mawaya akeake awiri, amenewo alumikizeni wina ndi mnzake. Mukapeza timarezisita tiwiri m'malo mwa kamodzi, imani pomwepo mutitumizire chithunzi, kalumikizidwe kake n'kosiyana.

Karezisitako musataye ndipo musasinthe ndi kena kongotola mu wailesi yakufa, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyezo wake. DSC ndi 5.6k, mizere yobiriwira, yabuluu ndi yofiira. Paradox ndi 1k. IDS ya ku South Africa ndi 3.3k. Mukaika kolakwika zoni imakhalabe yotseguka.

Pobwezera yambani ndi batire, kenako thiransifoma. Mudzafunika kukonzanso nthawi ndi tsiku pa kiipadi. Njira yaukhondo kwambiri ndi kulowa mu pulogalamu n'kuiuza panelo kuti zoni 4 siikugwiritsidwa ntchito, koma imeneyo imafuna khodi ya woika, yomwe ndikukayika ngati muli nayo.

NaPhiri_wa_ku_Juma
Ine pano mpomwe ndikuopa. Mukatero panelo iziti zoni 4 ili bwino pomwe pakhomapo palibe chilichonse. Baipasi imakukumbutsa usiku uliwonse kuti pali chosakonza. Karezisitaka kadzakugonetsani tulo, mwezi udzatha, chaka chidzatha, sensa osagula. Ndikudziwa mmene timachitira anthufe. Ndipo mwati imayang'ana chitseko cha kukhitchini, komwe akuba amakonda kulowera.

Wamawaya_KU
Mayi Phiri akunena zoona, ndazionapo nyumba zambiri zili ndi zoni zabodza zotere eni ake osadziwa. Matani kapepala pa kiipadi kolemba kuti zoni 4 palibe sensa. Kapena chotsani sensa ya m'chipinda chomwe simuchidandaula kwambiri, monga cha alendo, muike mu kolido, karezisitako kapite uko.

Wa_ku_Chitete
Nzeru imeneyo ndaitenga. Ya ku chipinda cha alendo yapita mu kolido, ndipo alamu yatchera bwinobwino popanda baipasi. Tsopano kiipadi. Kulira kuja kwasiya chiikireni batire, a Sola munalondola, koma mabatani ndi akufabe ndipo ana amangoidina. Ndaitsegula kumbuyo moto nditachotsa. Ndimayembekezera mawaya anayi monga ndinawerengera, koma ndapeza ambiri: ofiira awiri, akuda awiri, achikasu awiri, obiriwira awiri, onse awiriawiri pa sikulu imodzi, kuphatikiza kawaya kena kowonda kochokera ku felemu la chitseko. Sindinamasule kalikonse.

Wamawaya_KU
Mwachita bwino kuima. Safunsa anadya phula. Pali zinthu ziwiri apa.

Mawaya awiriawiriwo akutanthauza kuti chingwe chochokera ku panelo chimafikira pa kiipadi ya kukhitchiniyo, n'kupitirira kupita ku ya kuchipinda. Wofiira ndi wakuda ndi moto, wachikasu ndi wobiriwira ndi omwe kiipadi imalankhulirana ndi panelo. Mukanadula n'kukulunga aliyense payekha, ya kuchipinda ikanathima nayo, ndipo mukanatsala ndi alamu yopanda pozimitsira. Mukachotsa kiipadiyo, lumikizani wofiira ndi wofiira mnzake, wakuda ndi wakuda, choncho mpaka onse anayi, pa konekita, gulu lililonse palokha.

Kawaya ka ku felemu ndi ka maginito a chitseko cha kukhitchini. Makiipadi ambiri ali ndi polowera zoni imodzi, ndipo oika amakonda kulumikiza chitseko chapafupi pamenepo kuti asakoke waya wina mpaka ku panelo. Ndiye kiipadiyo ikachoka, chitsekonso chachoka pa alamu. Kuti chibwerere pafunika kukoka waya mpaka ku panelo ndi kusintha pulogalamu.

Chinanso, panelo imachita ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi. Kiipadi iliyonse inalembedwa m'kaundula, ndipo imaitanidwa pafupipafupi. Ikapanda kuyankha, panelo imayatsa getsi la vuto, ndipo pa makina ena imalira kapena kukana kutchera, mpaka wina aifufute m'kaundulamo ndi khodi ya woika. Sensa zopanda mawaya nazonso n'chimodzimodzi, kungochotsa batire lake sikuthandiza.

Langizo langa: kiipadiyo isiyeni pakhoma. Mabatani akufa sakuletsa chitseko kugwira ntchito. Nthawi zambiri chimakhala chafa ndi kalabala ka pansi pa mabatani, kada ndi mafuta ndi utsi wa kukhitchini. Kapukuteni ndi kathonje konyowetsa sipiriti, ndi pa bolodi pomwe kamagunda, mudikire ziume. Theka la makiipadi omwe anthu amandibweretsera kuti afa amadzuka ndi zimenezi.

Dokotala_wa_Mafoni
Imeneyo ndi ntchito yomwe timachita pa marimoti a TV tsiku ndi tsiku. Mukaopa bweretsani kumsika.

Mwini_Nyumba_Chankhanga
Ine chomwe chikundinyansa pa nkhani yonseyi ndi khodi ya woikayo. Makina ndagula ndi ndalama zanga, ali m'nyumba mwanga, koma kiyi wake ali m'thumba mwa munthu wina yemwe foni yake siikupezeka. Chilungamo chili pati? Inu a Wamawaya, makasitomala anu mumawapatsa?

Wamawaya_KU
Akafunsa ndimapereka, ntchito ikatha ndipo andilipira zonse. Koma ndimanena poyera kuti akalowa mu pulogalamu n'kusokoneza, kubwera kwanga n'kolipira. Muli timagawo tambirimbiri m'menemo, kudina nambala imodzi molakwika sayirini imasiya kulira osadziwa. Anzathu ena amakana chifukwa cha zimenezo, ena n'chifukwa chofuna kuti muziwaitana okha basi, sindiwaikira kumbuyo.

Mwini_Nyumba_Chankhanga
Kusokoneza ndi vuto langa. Galimoto ndikagula sandibisira sipanala poopa kuti ndiwononga injini.

Sola_Mchinji
Akulu, pakati pake ndi apa: woika alembe khodiyo pa pepala, aike mu envelopu yomata, mwini nyumba asunge. Akasowa woikayo, wokonza wina ali ndi poyambira. Popanda zimenezo njira yotsala ndi kubwezera panelo momwe inachokera ku fakitale n'kulemba zoni zonse mwatsopano, ndipo panelo zina woika amazikhoma kuti ngakhale zimenezo zisatheke.

Mlendi_Wotopa
Inu muli ndi mwayi nyumba ndi yanu. Ine ndinalowa nyumba ya lendi yokhala ndi alamu, eni ake ali ku Joni, khodi iliyonse palibe amene akuidziwa. Magetsi akabwera imangolira tii tii. Ndingaichotse?

NaPhiri_wa_ku_Juma
Musakhudze musanawauze eni ake, ndipo akuyankheni pa WhatsApp kuti mukhale ndi umboni. Tsiku lotuluka adzakudulani dipoziti ati munawononga alamu yomwe inali yakufa kale.

Wamawaya_KU
Akavomera, kungozula thiransifoma ndi kuvula batire kwakwana, osadula kanthu. Ndipo nonse amene muli ndi alamu, ngati khodi yanu ikadali 1234 sinthani lero. Makina ambiri amachokera nayo ku fakitale imeneyo ndipo aliyense amaidziwa. Omanga, openta ndi antchito omwe anachoka, onse amene munawapatsapo khodi, ndi chifukwa chinanso chosinthira.

Mlimi_wa_Chinkhoma
Agalu anga khodi yawo ndi mluzu, ndipo sanaiwalepo.

Mayi_a_Mapasa
Bambo inu mwabweranso?

Wa_ku_Chitete
Kalabala ndapukuta. Kanali kakuda bii ndi mafuta. Batani 5 ladzuka, 2 likufuna kukanikiza mwamphamvu koma likugwira. Kiipadi ndaisiya pamalo pake, ndipo ndayesa kutsegula chitseko cha kukhitchini, zoni yake ikuwala, kutanthauza kuti maginito aja ali moyo. Khodi ndasintha, ndasankha yopanda 2. Chotsala ndi sensa ya chipinda cha alendo ndi nkhani ya khodi ya woika. A Wamawaya, mungabwere kudzaona ngati panelo yathu ndi yokhoma kapena ayi? Ndipo pogula sensa ndiyang'ane chiyani, iyenera kukhala ya kampani yomweyo?

Wamawaya_KU
Ya mawaya siifuna kampani yomweyo, iliyonse ya mavolti 12 yokhala ndi NC imagwira pa panelo iliyonse. Kiipadi ndi sensa zopanda mawaya ndi zomwe zimafuna mtundu wake weniweni. Ngati muli ndi mphaka funsani yosamva ziweto. Yakufayo mupite nayo ku shopu kuti muyerekeze, koma karezisita kasiyeni komwe kali. Zobwera ndilembereni ku inbox, Loweruka ndimakhala pa boma.

Woyang'anira_Gulu
Manambala a foni ku inbox, osati pano. A Mlonda ndi Mayi a Mapasa, nkhani yanu ya malipiro ndaitsegulira malo ake, kapitirizeni kumeneko.

Mlendi_Wotopa
Eni nyumba ayankha. Akuti ndizule koma batire ndiwasungire. Lotupa chonchi ndisunge pati?

Sola_Mchinji
Panja pa mthunzi, pomwe ana safika, ndipo musaliboole kapena kuliponya pamoto, muli mtovu ndi asidi. Ajambulireni chithunzi aone mmene lilili. Akalola, ogula zitsulo zakale amatenga mabatire otere.